Kugula nyumba yatsopano ku Mooinooi: funsani za malo, mmisiri ndi dothi musanapereke ndalama

Mooinooi ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha North West m'dziko la South Africa. Ili m'mbali mwa msewu waukulu wa N4, pakati pa Brits ndi Rustenburg, kunsi kwa mapiri a Magaliesberg. Dzinali ndi la chiyankhulo cha Afrikaans ndipo limatanthauza namwali wokongola. Koma chimene chimakokera anthu kumeneku ndi miyala ya pulatinamu ndi chrome imene ili pansi pa nthaka. Pakati pa anthu ogwira ntchito m'migodi, m'minda ya malalanje ndi m'makampani othandiza migodi muli abale athu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique.

Makolo a m'nthawi ya Wenela ndi Theba ankagona m'mahositelo a amuna okhaokha, ndipo kontilakiti ikatha ankabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi mabulangeti. Lero zinthu zidasintha. Ena adatenga mabanja awo, ana akuphunzira komweko, ndipo amene ali ndi zikalata zokhalira m'dzikomo amafika potopa ndi lendi n'kuyamba kuganiza zogula nyumba yawoyawo. Ndalama zoterezi sizikhala za munthu mmodzi. Muli thukuta la zaka zambiri, nthawi zina muli ng'ombe zimene zidagulitsidwa kumudzi, ndipo pamwamba pake pamabwera ngongole ya kubanki ya zaka 20.

Wogulitsa nyumba zatsopano amakulowetsani m'nyumba yachitsanzo yonunkhira penti, ya matailosi owala ndi kapinga wothiriridwa. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Zimene zimateteza wogula sizioneka m'nyumba yachitsanzo. Zili m'zikalata za malo, m'kaundula wa amisiri, m'dothi limene lili pansi pa maziko ndi m'mawu a mgwirizano, ndipo zonsezi ziyenera kufufuzidwa ndalama zisanachoke m'manja.

Nyumba zitatu m'malo mwa 5,500

Anthu a m'derali sasowa wowauza kuti lonjezo la nyumba si nyumba. Mu 2006 kampani ya Lonmin, imene panthawiyo inkakumba pulatinamu ku Marikana, pafupi ndi Mooinooi, idalonjeza kuti pofika 2011 idzakhala itamangira antchito ake nyumba 5,500. Silidali lonjezo la pakamwa chabe. Lidalembedwa m'chikalata chimene lamulo limafuna kuti kampani ya migodi ipereke kuboma kuti ikhale ndi chilolezo chokumba. Nthawi itakwana, nyumba zimene zidaimirira zidali zitatu zokha, ndipo zitatuzo zidali zachitsanzo. Kampaniyo idaloza chala mavuto a zachuma a mu 2008 amene adagwetsa mtengo wa pulatinamu, uku antchito ambiri akupitiriza kukhala m'zisakasa za malata ku Nkaneng. Apolisi atawombera ndi kupha antchito 34 pa 16 Ogasiti 2012, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi jaji wopuma Ian Farlam lidanena m'lipoti lake la mu 2015 kuti kulephera kwa kampaniyo pankhani ya nyumba kudakolezera mkwiyo pakati pa antchito. Mu 2019 Lonmin idagulidwa ndi kampani ya Sibanye-Stillwater.

Ngati kampani yaikulu chotere, imene masheya ake ankagulitsidwa ku London, idatha kusiya lonjezo lolembedwa lili lende, nanga kuli bwanji kontilakitala wa galimoto imodzi ndi lamya ya m'manja?

Malowo ngayani?

Mlendo akhoza kugula nyumba ku South Africa n'kuilembetsa m'dzina lake. Umboni wa umwiniwo ndi chikalata chotchedwa title deed, chimene chimalembetsedwa ku ofesi ya boma ya Deeds Office. Loya aliyense wosamutsa umwini wa malo angathe kufufuza m'kaundula wa ofesiyi pa ndalama zochepa n'kukuuzani dzina la mwini poloti, ngongole imene ili pa malowo ndi zoletsa zimene zidalembedwapo. Ngati dzina lotuluka m'kaundula silikugwirizana ndi la amene akukugulitsani, nkhani ithere pomwepo mpaka afotokoze bwino.

Pafupi ndi Mooinooi pali midzi ngati Bapong, ya mtundu wa Bapo ba Mogale, kumene malo ambiri ndi a mtundu wonse. Mlimi wa kwathu samavutika kumvetsa zimenezi, pakuti n'chimodzimodzi malo a mfumu. Kalata yololeza munthu kukhala pamalo otere si title deed, ndipo mabanki kawirikawiri saivomera ngati chikole cha ngongole ya nyumba. Palinso nyumba zimene boma limamangira anthu osauka, zodziwika ndi dzina loti RDP. Lamulo limaletsa wolandira kugulitsa nyumba yotere zisanathe zaka 8, choncho amene wagula ndi kalata ya pamanja yosainidwa kupolisi wagula mavuto.

Msampha wina ndi wa mapoloti odulidwa pa famu imene khonsolo isanavomereze kuti pakhale malo okhala anthu. Zikhomo zimakhala zitakhomedwa, misewu itapalidwa, koma poloti lililonse palokha silinalembetsedwe. Lamulo la Alienation of Land Act la mu 1981 limati kugulitsana malo kuyenera kulembedwa ndi kusainidwa, ndiponso limaletsa wogulitsa kulandira ndalama za poloti limene silinafike potheka kulembetsedwa, pokhapokha ndalamazo zisungidwe m'akaunti yapadera ya loya kapena ya wothandizira kugulitsa nyumba, kapena pakhale chitsimikizo cha banki.

Funsaninso za madzi. Mooinooi ili pansi pa khonsolo ya Madibeng, imene yakhala ndi mavuto a madzi kwa zaka zambiri. Mu Januwale 2014 anthu anayi adafa pa zionetsero zodandaula za kusowa kwa madzi ku Mothutlung, pafupi ndi Brits. Musakhutire ndi mawu oti mapaipi akubwera. Tsegulani mpopi, onani mita, dziwani kumene zonyansa za m'chimbudzi zikupita, ndipo mgwirizano unene amene adzalipire zolumikiza madzi ndi magetsi.

Mmisiri ndi kaundula wake

Lamulo la Housing Consumers Protection Measures Act la mu 1998 lidakhazikitsa bungwe la NHBRC loyang'anira omanga nyumba. Lidalamula zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Choyamba, aliyense wochita bizinesi yomanga nyumba ayenera kulembetsa ku bungweli, ndipo setifiketi yake imakonzedwanso chaka ndi chaka. Chachiwiri, nyumba iliyonse payokha iyenera kulembetsedwa kutatsala masiku 15 kuti ntchito iyambe, kuti oyendera a bungweli adzathe kuona maziko, makoma ndi denga pamene zikumangidwa. Mmisiri akhoza kukhala ndi setifiketi yabwinobwino koma nyumba yanuyo osailembetsa. Pemphani zikalata zonse ziwiri, onani ngati nambala ya poloti ili yolondola, ndipo katsimikizeni nokha ku ofesi ya NHBRC ku Rustenburg. Fotokope yoperekedwa ndi wogulitsa si umboni.

Makhoti salitenga mwachibwana lamuloli. Mu 2014 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mlandu wa kampani ya Cool Ideas, imene idachita mgwirizano womanga nyumba isanalembetse ku NHBRC. Ngakhale kuti woweruza wapadera adali atanena kuti kampaniyo ilipidwe ndalama zotsala, khotilo lidati womanga wosalembetsa alibe ufulu wolandira malipiro.

Lamulo la mu 1998 lidaikanso nthawi zimene mmisiri ayenera kukonza zolakwika ndi ndalama zake, kuwerengera kuyambira tsiku lolowa m'nyumba: miyezi itatu pa zolakwika zing'onozing'ono ndi zosemphana ndi pulani, miyezi 12 pa denga lodontha, ndi zaka zisanu pa zolakwika zikuluzikulu za maziko, makoma ndi denga. Mmisiri akathawa kapena kampani yake ikagwa, thumba la NHBRC limalowererapo pa zolakwika zikuluzikuluzo, koma malire ake adaikidwa pa R500,000. Mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina lamulo latsopano, la Housing Consumer Protection Act, loti lilowe m'malo mwa lakalelo ndi kukulitsa chitetezo kuti chifikenso pa ntchito zokonza ndi zowonjezera nyumba. N'chifukwa chake n'kwanzeru kufunsa ku ofesi ya bungweli nthawi zimene zikukhudza nyumba yanu, ndi kuonetsetsa kuti zalembedwa m'mgwirizano momveka.

Komabe chidindo cha bungwe si mathero a zonse. Pa 6 Meyi 2024 nyumba yosanjikizana imene inkamangidwa mumzinda wa George, m'chigawo cha Western Cape, idagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi. Kafukufuku amene nduna ya zanyumba Thembi Simelane idaulula zotsatira zake mu 2025 adapeza zolakwika m'kati mwa NHBRC momwemo, pa kalembetsedwe ndi kayenderedwe ka ntchitoyo, ndipo ogwira ntchito ena adaimitsidwa. Zikalata n'zofunika, koma sizilowa m'malo mwa maso anu. Pemphani mmisiri akuuzeni nyumba zimene adamanga zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, osati za chaka chatha. Pitani nokha, iye palibe, mukagogode. Funsani eni ake ngati adamaliza panthawi yake, ngati mtengo udakwera pakati pa ntchito, ndiponso ngati amabwera akamuitana. Mmisiri wokana kukuonetsani ntchito zake zakale wakuyankhani kale.

Makande a ku Rustenburg

Pankhani ya dothi alimi ndiwo aphunzitsi. Mlimi wa ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Phalombe amalidziwa bwino dothi la makande: lakuda, lomata kukhasu mvula ikagwa, long'ambika m'chilimwe mpaka dzanja kulowa. Dothi la mtundu womwewu lafala m'chigwa cha pakati pa Brits ndi Rustenburg, kumene amalitcha black turf. Lidapangika kuchokera ku miyala yakuda yomwe ija imene imasunga pulatinamu. Kwa mlimi wa thonje dothi lotere ndi chuma, koma kwa womanga nyumba ndi mdani wosatopa.

Makande akamwa madzi amafufuma n'kukankhira maziko m'mwamba, akauma amanyala n'kuwasiya lende. Vuto lalikulu n'lakuti safufuma mofanana. Pansi pa nyumba, pamene dzuwa silifika, chinyontho chimaunjikana pang'onopang'ono, pamene m'mbali mumanyowa ndi kuuma malinga ndi nyengo. Nyumba imayamba kupindika ngati mbale yovundikira. Ming'alu imayambira m'makona a mawindo ndi zitseko n'kumakwera mopendekeka, zitseko zimayamba kukana kutseka, ndipo paipi ikathyoka pansi imathirira dothi lomwelo, vuto n'kukula. Zonsezi sizioneka tsiku lolandira makiyi. Kawirikawiri zimayamba nyumba itapyola dzinja lachiwiri kapena lachitatu, penti ya wogulitsa itaiwalika.

Malamulo a kamangidwe ku South Africa amafuna kuti katswiri ayeze dothi la poloti n'kulipatsa gulu lake nyumba isanalembetsedwe. Dothi lofufuma lili m'magulu anayi. Gulu H ndi la dothi losuntha mosafika mamilimita 7.5, H1 ndi kuyambira 7.5 kufika 15. H2 ndi 15 kufika 30. H3 ndi lopitirira mamilimita 30. Manambalawa amaoneka aang'ono, koma khoma la njerwa silipindika, limang'ambika. Pa dothi la H2 kapena H3 maziko wamba a ngalande ndi konkire sakwanira. Injiniya amalamula maziko a konkire wa zitsulo wothiridwa pamodzi ngati thebulo lokhala ndi mitanda yozama pansi pake, kapena kuti makandewo akumbidwe n'kuchotsedwa, m'malo mwake muikidwe dothi labwino losinjidwa. M'makoma mumaikidwa waya wolimbitsa pakati pa mizere ya njerwa, ndipo kuzungulira nyumba kumathiridwa khonde la konkire lopendekera kunja kuti madzi a mvula asaime m'mbali mwa maziko.

Apa ndi pamene mmisiri wachinyengo amabera, chifukwa zitsulo ndi simenti zikakwiririka palibe amaziona. Choncho funsani gulu la dothi la poloti lanu, dzina la injiniya amene adajambula maziko, ndi kalata yake yotsimikiza kuti adaona zitsulo konkire asanathiridwe. Ngati nyumba isanamangidwe, khalanipo tsiku lothira maziko kapena tumani munthu wodziwa, ndipo jambulani zithunzi. Mukalowa, musabzale mitengo ikuluikulu pafupi ndi khoma, ndipo dimba la ndiwo zamasamba likhale patali ndi maziko. Ambirife tidazolowera kudzala mpiru ndi maluwa m'mbali mwa khonde. Pa makande chizolowezi chimenechi chimang'amba nyumba, ndipo mmisiri adzanena kuti cholakwa n'chanu.

M'dera la migodi mulinso kugwedezeka kwa nthaka pophulitsa miyala, makamaka pafupi ndi migodi yokumba pamtunda. Ming'alu ikaoneka, mmisiri amaloza mgodi, mgodi n'kuloza mmisiri. Zithunzi za makoma onse zojambulidwa tsiku lolowa, zosonyeza deti, zimathandiza pa mkangano wotere.

Mawu a mgwirizano

Nyumba zatsopano zimagulitsidwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba, kampani imamanga ndi ndalama zake, inu n'kulipira nyumba itatha ndiponso umwini utasamutsidwa. Njira yachiwiri, mumagula poloti kaye, kenaka n'kusaina mgwirizano wina womangira, ndipo banki imatulutsa ndalama m'zigawo malinga ndi pamene ntchito yafika. Kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi njira yoyamba ndiyo yotetezeka. Mu njira yachiwiri chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa pa ndalama zimene zatuluka kale, pamene inu mukulipirabe lendi kwina, ndipo mmisiri akathawa makoma ali m'mawindo, ngongole ndi chigumula zimatsala kwa inu.

Mu njira iliyonse, mgwirizano ukhale ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo komanso mndandanda wa zipangizo. Mawu oti "matailosi abwino" kapena "monga nyumba yachitsanzo" alibe mphamvu pamaso pa woweruza. Palembedwe mtundu wa njerwa, wa denga, kukula kwa thanki yotenthetsera madzi, chiwerengero cha masoketi, ngati mpanda ndi makabati a kukhitchini zili m'mtengo kapena ayi. Palembedwe tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza ntchito, ndi chindapusa cha tsiku lililonse lochedwa. Yang'anitsitsani ndime yolola mmisiri kukweza mtengo zipangizo zikakwera. Ngati siingachotsedwe, iikiridwe malire. Kusintha kulikonse kwa pulani kulembedwe ndi mtengo wake ntchito isanachitike, pakuti mikangano yambiri imabadwa pa zimene adagwirizana ataimirira pa mulu wa mchenga.

Ndime ina yofunika ndi yonena kuti mgwirizano ugwira ntchito pokhapokha banki ikavomereza ngongole pofika tsiku lakutilakuti, ndipo ikakana dipoziti ibwezedwe yonse. Kwa mlendo ndimeyi ndi yaikulu, chifukwa mabanki nthawi zambiri amafuna dipoziti yokwera kwa munthu amene si nzika, nthawi zina kufika theka la mtengo. Thandizo la boma la First Home Finance, la ogula nyumba koyamba amene amalandira pakati pa R3,501 ndi R22,000 pamwezi, limaperekedwa kwa nzika ndi kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale basi.

Mukaona mawu oti voetstoots, dziwani kuti akutanthauza kugula chinthu monga chilili, ndi zilema zake zomwe. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2008 silimalola kampani imene bizinesi yake ndi kumanga ndi kugulitsa nyumba kubisala kumbuyo kwa mawu amenewa. Pemphani achotsedwe. Dziwaninso kuti pogula kwa kampani yolipira msonkho wa VAT, msonkhowo, umene ndi 15 pa 100 iliyonse, umayenera kukhala kale m'mtengo wolengezedwa, ndipo simulipiranso msonkho wosamutsira umwini. Ndalama za loya ndi zolembetsera ngongole ndi nkhani ina; mgwirizano unene amene adzalipire.

Loya wosamutsa umwini kawirikawiri amasankhidwa ndi wogulitsa. Kulipira loya wanuwanu kuti awerenge mgwirizano kwa ola limodzi kumaoneka ngati kuwononga, koma safunsa adadya phula. Ndipo palibe chifukwa chosainira tsiku lomwelo. Mawu oti "poloti latsala limodzi" adayamba kalekale.

Kumene ndalama ziyenera kupita

Dipoziti isapite m'manja mwa munthu kapena m'akaunti yake. Ipite m'akaunti yapadera yosungira ndalama za makasitomala ya loya wolembetsedwa ku Legal Practice Council. Ngati pali wothandizira kugulitsa, aonetse Fidelity Fund Certificate yochokera ku bungwe la PPRA, limene lidayamba kuyang'anira ntchitoyi mu 2022. Akuba amatumiza makalata a pa intaneti ooneka ngati a loya, onena kuti nambala ya akaunti yasintha. Musanatumize ndalama, imbani lamya ku ofesi ya loyayo pa nambala imene mudatenga nokha, kapena pitani konko.

Ganiziraninso za ntchito imene ikulipira ngongoleyo. Mtengo wa pulatinamu utagwa mu 2023 ndi 2024, makampani a Sibanye-Stillwater, Anglo American Platinum ndi Impala Platinum adalengeza zochepetsa antchito zikwizikwi. M'tauni yodalira mgodi, ntchito zikatha mitengo ya nyumba imagwa nthawi yomweyo imene anthu akufuna kugulitsa. Ngongole iwerengedwe pa malipiro enieni, osaphatikiza ovataimu ndi bonasi, ndipo funsani ngati inshulansi ya ngongoleyo imalipira munthu akachotsedwa ntchito. Okwatirana akambirane dzina lolembedwa pa title deed, ndipo wilo ilembedwe, kuti mayi ndi ana asadzapezeke panja bambo atatsogola.

Tsiku la makiyi

Musalowe m'nyumba popanda setifiketi ya khonsolo yololeza kuti mukhale anthu, imene lamulo la kamangidwe la mu 1977 limafuna, ndi setifiketi ya katswiri wa magetsi. Ngati mukulowa umwini usanasamutsidwe, mudzalipira lendi kwa wogulitsa. Mtengo wake ukhale wolembedwa kale.

Mmisiri adzabwera ndi kalata imene amaitcha happy letter, yonena kuti mwakhutira ndi nyumba. Banki ikaiona imatulutsa ndalama zomaliza, ndipo kuyambira pamenepo lamya ya mmisiri imayamba kusowa. Musanasaine, yenderani nyumba masana ndi munthu wodziwa zomanga. Tsegulani mipope yonse nthawi imodzi, gujumulani chimbudzi, yesani zitseko ndi mawindo, gogodani matailosi kuti mumve ophwephwa, kwerani kudenga mukaone ngati kuwala kukulowa, thirani madzi pakhonde muone kumene akulowera. Lembani zolakwika zonse, mmisiri asaine, ndipo aliyense asunge kope lake.

Alangizi ndi atsogoleri a magulu a Amalawi okhala kunja angathandize kwambiri pamenepa: kuperekeza mnzawo ku ofesi ya NHBRC, kumumasulira mgwirizano m'Chichewa ndime ndi ndime, ndi kumukumbutsa masiku. Dandaulo lililonse lipite kwa mmisiri molemba nthawi yake isanathe, pakuti bungwe la NHBRC limafuna umboni woti mmisiri adauzidwa ndipo adalephera kukonza. Uthenga wa pakamwa woperekedwa kwa kapitawo pamsewu suwerengedwa. Lembani pa kalendala tsiku limene miyezi itatu ikutha ndi limene chaka chikutha, ndipo mvula yoyamba ya mu Okutobala kapena Novembala ikagwa, kwerani kudenga ndi tochi.